Kudikira Dzanja la Alamu

Woyimba gitala ya besi sayang'ana zala zake. Mukadzaona wina pa siteji waweramira nsambo ngati akusankha mpunga, dziwani kuti gitalayo wangobwereka. Delbert Yancey ankayang'ana phazi la mlamu wake, Hoyt Tillery, amene ankamenya ng'oma. Phazilo likamatsika pa ng'oma yaikulu, chala cha Delbert chinkakoka nsambo nthawi yomweyo, mpaka munthu osadziwa kuti mawu a uyu athera pati, a uyo ayambira pati. Anayamba zimenezi ali achinyamata, m'maholo a madansi a kuno ku Mississippi, Hoyt asanakwatire Ozella, mlongo wake wa Delbert. Ukwati utachitika palibe chinasintha, kupatula kuti tsopano ankanyozana mwaulemu.

"Alamu, mwadya chiyani lero? Phazi lanulo likulemera ngati la ng'ombe."

"Ndadya zophika mlongo wanu, alamu. Mukadandaule kwa amene anamuphunzitsa."

M'gulu lawo analimo anayi. Kuwonjezera pa awiriwa panali Royce Mabry, woyimba ndi pakamwa komanso gitala, munthu wa mtima wapachala koma wa mawu oti akangoyamba, ngakhale woledzera amayika botolo pansi. Wina anali Alton Beasley wa piyano, amene ankatha kukhala nanu tsiku lathunthu n'kungonena mawu awiri, ndipo amodzi mwa mawuwo anali "ayi".

Chimbale chawo chachitatu anakachijambulira ku Los Angeles, ndipo tinene zoona, chinali chochititsa manyazi. Kumeneko aliyense anamutsekera m'kachipinda kake kagalasi, zomvera zili m'makutu, kamakina kakugogoda ko, ko, ko, kuwauza nthawi ngati kuti Hoyt sadziwa kuwerenga. Iwo atachoka, akampani yotulutsa zimbale anathiramo mavayolini ndi kwaya ya amayi amene anyamatawo sanawaonepo n'kamodzi komwe. Ozella atachimvetsera m'nyumba mwake anangofunsa funso limodzi: "Koma amuna anga ali pati m'menemu?"

M'chaka cha 1971 Royce anati zakwana.

"Tibwerere kwathu," anatero. "Rock and roll ndi anthu anayi m'chipinda chimodzi, thukuta likuchita kamukamu. Zomvera m'makutu ayi, kamakina kaja ayi, zokonzakonza ayi. Chimene chalowa pa tepi chalowa. Wolakwa alakwe, anthu amve kuti amene akuyimbawa ndi anthu."

Anapeza shedi yakale ya thonje m'mbali mwa njanji. Mkulu wina wojambula nyimbo, a Truett, anabwera ndi makina awo a tepi kumbuyo kwa galimoto, napachika mamaiki ochepa ku mitanda ya denga. Tsiku loyamba lomwelo anawachenjeza onse anayi.

"Anyamata, mudziwiretu. M'chipinda chimodzi mawu amalowerana. Ng'oma zilowa mu maiki ya woyimba, piyano ilowa mu ya ng'oma, besi ilowa paliponse. Sindingathe kuchotsamo munthu mmodzi n'kusiya atatu. Wina akalakwa, mwalakwa nonse."

"Ndi zimene tabwerera, madala," anatero Royce, akuseka.

Unali mwezi wa Ogasiti. Tepi ikayamba kuzungulira ankazimitsa zokupizira mphepo kuti phokoso lake lisalowe, ndiye m'shedimo munkasanduka uvuni. Sitima ikamadutsa ankayima, kumangopukuta nkhope. Koma aa, mmene zinkakomera m'mawa woyamba uja! Delbert anamva besi yake ikugwedeza matabwa a pansi, anamva kununkhira kwa fumbi la thonje lakale, ndipo mumtima anati, tafika kwathu.

Dzuwa litakwera ndi pamene anamva kanthu. Dzanja lamanzere la womenya ng'oma ndi limene limamenya ng'oma yaing'ono, ija imalira kuti phwa pamalo pamene anthu amawombera m'manja. Dzanja la Hoyt linkafika mochedwa. Kuchedwa kwake kunali kochepa, ngati kuphethira kwa diso, koma Delbert anali atakhala pambali pa dzanja limenelo theka la moyo wake. Phazi linali bwinobwino, dzanja lamanja bwinobwino, koma lamanzerelo linkachita ngati likufunsa kaye njira.

Masana Ozella anabweretsa chakudya: mlamba wokazinga, therere lokazinga, buledi wa chimanga ndi tiyi wozizira m'mabotolo. Hoyt anatenga botolo lake ndi dzanja lamanzere. Linangopulumuka, phwaa pansi.

"Alamu, mwayamba kuthirira nyerere?" Delbert anatero.

"Thukuta, alamu. M'nyumba ya Royce muno ngakhale nsabwe ingaterereke."

Onse anaseka. Ozella yekha sanaseke. Anatola magalasiwo msangamsanga, n'kupita nawo ku galimoto. Delbert anamutsatira.

"Iwe Ozella, dzanja la amuna ako latani?"

"Dzanja liti?"

"Usandiyankhe ngati ndine wapolisi. Ndine mchimwene wako."

Ozella anatsegula chitseko cha galimoto, n'kuchitsekanso osalowa. Anayang'ana ku shedi kuja, kumene kunkamveka phwete la mwamuna wake.

"Achimwene, mukakatchula, sindidzakuyankhulaninso mpaka kufa. Tinapita kwa dokotala ku Jackson. Akuti ndi matenda ofoola minofu. Ayamba ndi dzanja, kenako mkono, kenako miyendo, kenako pakhosi. Mankhwala palibe." Anameza malovu. "Iwo akuti akungofuna kumaliza chimbale ichi basi. Akuti chija cha ku Los Angeles chisakhale chomaliza, chifukwa m'menemo iwo mulibe. Akufuna kuti Darlene akadzakula adzamve kuti bambo ake ankamenya bwanji."

Darlene anali mwana wawo, wongoyamba kumene kuyenda. Delbert anangogwira denga la galimoto, lomwe linali lotentha kwadzaoneni, ndipo sanachotsepo dzanja.

Madzulo a tsikulo, Hoyt atapita kwawo, Royce anamukokera Delbert pambali pa njanji.

"Aise, wamva zimene ndamva ine?"

"Ndamva kutentha basi."

"Usandipusitse. Ng'oma ikukoka, ikutsalira m'mbuyo. A Truett nawonso amva. Mlamu wakoyo wayambiranso botolo eti?"

"Hoyt anasiya mowa kalekale, ukudziwa."

"Ndiye chavuta n'chiyani? Tamvera, Delbert. Ine Hoyt ndimamukonda, tinakulira limodzi. Koma wamva zimene anena madala aja, sitingamukonze pambuyo. Akampani atilola zopenga zathuzi kamodzi kokha. Mawa zikakhalanso chonchi, ndiyimba foni ku Memphis. Kuli munthu kumeneko amene amamenya ngati wotchi."

Delbert akanangotsegula pakamwa, Royce akanalira pomwepo, akanakamukumbatira Hoyt, ndipo chimbale chikanathera pomwepo, chifukwa Hoyt Tillery sanali munthu woti n'kumenya ng'oma anthu akumuyang'ana ndi maso achisoni. Akanalongedza ndodo zake n'kumapita. Kunena kunali kumuchotsa, kusanena kunalinso kumuchotsa. Delbert anangoti, "Tiona mawa," n'kukwera galimoto yake.

M'mawa mwake anayamba ndi nyimbo yothamanga, ya munthu woyendetsa lole amene akuthawa mvula. Hoyt anagundanitsa ndodo zake kuwerenga, n'kulowa. Vesi loyamba linayenda bwino. Pa lachiwiri dzanja lija linayamba kutsalira, ndipo Delbert anaona khosi la Royce likuuma. Gitala inali kutsogolo, piyano kutsogolo, besi kutsogolo. Kumbuyo kunali Hoyt yekha, poyerayera ngati munthu amene wafika mochedwa kutchalitchi.

Pamenepo Delbert anachita chimene anali asanachitepo chiyambire. Anachotsa maso pa phazi la mlamu wake, n'kuwayika pa dzanja lamanzere. Anagwira mawu a besi, kuwakoka, osawasiya mpaka ndodoyo itatsika. Itatsika, naye anatsika. Anachedwa dala, mofanana ndendende ndi Hoyt. Ochedwa anakhala awiri tsopano, ndipo anthu awiri akachedwa limodzi sizimvekanso ngati kulakwa.

Royce anakweza dzanja. Zonse zii.

"Ndani akukoka?"

"Ndine," anatero Delbert.

"Iwe? Wapenga?"

"Ku Los Angeles kamakina kaja kanandithamangitsa mpaka ndinadwala nako mutu. Si iwe unati tibwerere kwathu? Kwathu kuno unamuonapo ndani akuthamanga mwezi wa Ogasiti? Ndikufuna ikhale pansi, ilemere. Alamu akungonditsatira ine."

Hoyt anawerama. Ankamanga nsapato yomanga kale.

"Nyimbo yanga imeneyi, ndipo ndi ya lole, si ya ngolo ya abulu!" Royce anakalipa. Anatukwana besi, anatukwana kutentha, anatukwana ndi njanji yomwe. Royce atatopa, a Truett anabweza tepi mwakachetechete n'kuyiyatsa.

Anamvetsera onse atayimirira. Vesi loyamba linali labwino, monga nyimbo zina zonse zabwino. Litafika lachiwiri, pamene besi ndi ng'oma zinatsalira limodzi, nyimbo ija inasintha nkhope. Mawu a Royce ankapita patsogolo ngati akufuna kuthawa, pansi pake china chake cholemera chikuwakoka malaya. Munthu unkangopezeka mutu ukugwedezeka wokha.

"Ikuyenda ngati munthu amene wasenza kanthu," anatero Alton. Onse anatembenuka kumuyang'ana, poti mawu ochuluka chonchi anali asanawanenepo chaka chimenecho.

"Musakhudze chilichonse," anatero a Truett. "Muyimbe choncho kuyambira poyamba."

Royce anakanda m'mutu. Anali waukali, koma khutu anali nalo. "Chabwino, madolo inu," anatero. "Ndikudikirani." Foni ya ku Memphis sinayimbidwe.

Anthu amene amayamikira chimbalecho lero amaganiza kuti kunali kusangalala kokhakokha m'shedi muja. Kwa Delbert inali ntchito yowawa kuposa kutola thonje. Kuchedwa kwa dala kumafanana, ukakudziwa wakudziwa. Koma kuchedwa kwa Hoyt sikunkafanana. M'mawa kunali kochepa, masana kunkakula, ndipo nthawi zina dzanja linkadzidzimuka n'kufika pa nthawi yake ngati kale. Delbert anaphunzira kuwerenga phewa. Phewa likanyamuka movutikira ankadziwa kuti ndodo ichedwa, likapepuka ankafulumira. Sankaphethira n'komwe. Pofika masana maso ankamuwotcha, msana uli gwa. Anayamba kudandaula kuti zala zake zatupa, kuti azijambula m'mawa mokha, ndipo Royce anamutcha gogo. Analola kutchedwa gogo.

Hoyt anayamba kumangirira ndodo ku dzanja lamanzere ndi kansalu komata. Anati n'chifukwa cha thukuta. Nthabwala zake sizinathe, koma ankazinena akuyang'ana kumbali. Ndipo Ozella akabwera ndi chakudya sankayang'ana mchimwene wake, naye Delbert sankamuyang'ana, kuopa kuti onse awiri angagwetse misozi pamaso pa anthu.

Nyimbo yomaliza inali yapang'onopang'ono, ya munthu amene wabwerera kwawo n'kupeza m'nyumba ya amayi ake mukukhala anthu ena. Nyimbo zoterezi ndi zimene zimavula womenya ng'oma, chifukwa pakati pa kumenya kumodzi ndi kwina pamakhala bwalo lalikulu loti aliyense aone. Anayijambula dzuwa litapendeka, poti sitima zinawasokoneza m'mawa wonse. Hoyt anali atatopa, kansalu kaja katanyowa.

Royce anayimba tsiku limenelo ngati sadzayimbanso. Anatseka maso, mitsempha ya m'khosi ili tototo. Delbert maso anali pa phewa la mlamu wake, kudikira, kutsika, kudikira, kutsika. Kudikirako kunkatalika vesi lililonse, mpaka mumtima ankachita kupemphera kuti, tsika, tsika, ndili pompano. Atatsala pang'ono kumaliza, phewa linanyamuka, mkono unakwera, koma zala zinamasuka. Ndodo inapulumuka m'kansalu muja, inagwa pa matabwa kuti go, n'kugubuduka mpaka pa phazi la Delbert.

Pamalo pamene panayenera kulira ng'oma panalira ndodo yakugwayo. Ndipo Delbert, amene ankadikira kuti chinachake chitsike, anatsika nayo limodzi. Hoyt anamaliza nyimbo ndi dzanja limodzi ndi phazi, lamanzere lili lende pa bondo.

A Truett anayimitsa tepi.

"Tibwereze," anatero Hoyt, mawu ali pansi. "Ndalakwitsa ine. Tibwereze."

Delbert anayang'ana dzanja lija. Linkanjenjemera pa bondo, zala zitapindika. Silikanathanso kugwira ndodo tsiku limenelo, ndipo aliyense akanaona.

"Ine ndiye sindibwereza," anatero. "Zala zanga zatha. Komanso lamulo unayika wekha, Royce. Chalowa chalowa."

Royce anali akupukutabe m'maso ndi malaya. "Sindingayiyimbenso choncho," anavomera. "Madala, kugwa kwa ndodoko kwamveka?"

"Kwamveka mu maiki iliyonse," anatero a Truett. "Ndipo kwagwera pamalo pake."

Hoyt anadzuka n'kutuluka. Delbert anatola ndodo ija n'kumutsatira. Anamupeza kuseri kwa shedi, pa mpopi, akuthira madzi pa dzanja lamanzere ngati kuti madzi angalidzutse.

"Mwayiwala ndodo yanu, alamu."

Hoyt sanatembenuke. "Anakuuzani ndi Ozella."

"Palibe wandiuza kanthu."

"Bodza simulitha, alamu, musaliyambe mutakula. Mukuyesa sindikuona? Chiyambire mumayang'ana phazi langa. Pano mwakhala mukundiyang'ana phewa ngati ndasenza mwana wanu." Anatseka mpopi mwamphamvu. Atatembenuka, nkhope yake inali yofiira, ndipo sanali madzi a pa mpopi okha amene anali m'masaya. "Mwakhala mukundidikira. Nonse atatu mwakhala mukundidikira, enawo osadziwa n'komwe. Womenya ng'oma sadikiridwa, Delbert! Ndine ndimayendetsa. Mwandisandutsa nkhalamba yoti aziyiwolotsa msewu. Darlene adzamva chiyani m'menemo? Adzamva amalume ake akunyamula bambo ake."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina chikwatirire mlongo wake, ndipo kanamulasa Delbert kuposa mawu ena onsewo.

"Ine ndine wa besi," anayankha. "Ntchito yanga ndi imodzi, kukhala pamene pali ng'oma. Mukathamanga ndimathamanga. Kodi ku Natchez kuja, mutaledzera n'kuyimba nyimbo yamaliro ngati ya mpikisano wa akavalo, sindinathamange nanu? Ndiye lero mwachedwa, mukuti nditsatire ndani? Royce? Munthu woti sadziwa kuwerenga mpaka folo?"

Hoyt anafuna kukalipanso, koma kuseka kunamupulumuka, kuseka koipa kosakanikirana ndi kulira. Anakhala pansi pa njerwa. Delbert anakhala pambali pake. Sitima ya katundu inadutsa, yaitali, ndipo anayithokoza mumtima chifukwa inawapatsa mpata wosayankhula.

"Ndikuopa, alamu," Hoyt anatero sitima itapita.

"Nanenso."

Chimbale chinatuluka kukuzizira. Pachikuto panalibe nkhope ya munthu, panali chithunzi cha shedi basi, ndiye anthu anangochitcha Chimbale cha m'Shedi. Akampani ankati sichigulidwa, chikumveka ngati anachijambulira m'khola. Koma mawailesi anachigwira, ndipo sichinatsikenso. Olemba nyuzi anati anyamata a ku Mississippi abweza rock and roll kumene inabadwira. Chimene ankachitamanda kwambiri chinali ng'oma. Ankati Hoyt Tillery watulukira kamenyedwe katsopano, kaulesi, kotsalira dala, kamene palibe wina angakathe. Ena analemba kuti kugwetsa ndodo kuja anachita kukonza, ndi luso. Kalanga ine, anthu ophunzira!

Pa nthawiyo n'kuti Hoyt akuyenda ndi ndodo ina, yoyendera. Royce anamva zoona zake kwa Ozella, pakhonde, ndipo munthu wamkulu uja anakhala pa masitepe n'kulira ngati mwana. Ankangobwereza kuti, "Ine ndimati ndi mowa. Ambuye, ine ndimati ndi mowa." Maulendo okayimba anawayimitsa. Anati popanda Hoyt sakwera siteji, bola Hoyt ali moyo.

Matenda anatsata njira imene dokotala ananena, osalumpha ngakhale pamodzi. Mkono, miyendo, kenako pakhosi. Mawu a Hoyt anayamba kutuluka amodziamodzi, motalikirana, ndipo alendo obwera kudzamuona sankapirira. Hoyt akati "Ndikufuna," wina wathamangira kale madzi, wina pilo, wina akumumalizira chiganizo. Ankachita zimenezi mwachikondi, koma Hoyt ankangotseka maso n'kusiya. Ngakhale Ozella, ndi kutopa kwake konse, nthawi zina ankamumalizira.

Delbert yekha ndiye sankamaliza chiganizo cha munthu. Ankabwera masana alionse, kukhala pa mpando wa pambali, kuyang'ana pakhosi pa mlamu wake monga ankayang'anira phewa lija. Liwu likamavutika kukwera, iye ankangokhala. Likafika, ankalilandira.

Tsiku lina Ozella anayika chimbale chija pa galamafoni. Darlene ankavina pakati pa nyumba, kugwa, kudzuka, kuwomba m'manja pamene palibe. Itafika nyimbo yomaliza, ndodo ija itagwa kuti go, mwanayo anayima n'kuyang'ana pansi kufunafuna chimene chagwa. Hoyt anayesa kuseka. Kenako pakhosi pake panayamba kugwedezeka, ndipo Delbert anasendera pafupi.

"Alamu," anatero Hoyt. Panapita nthawi. Kunja galu anauwa, n'kusiya. "Besi... simuitha... kwenikweni."

"Ndikudziwa, alamu."

Panapitanso nthawi yaitali, moti Ozella anatsegula pakamwa kuti athandize, koma Delbert anamugwira mkono.

"Koma... kudikira... mumatha."

Hoyt anamuyika m'manda mwezi wa Epulo, ku tchalitchi cha Baptist cha kwawo, mitengo itangoyamba maluwa.

Chaka chitatha, Royce anati moyo upitirire, ndipo sanalakwe. Anthu m'mizinda yonse ankafuna kumva Chimbale cha m'Shedi ndi maso. Anayitana munthu wa ku Memphis uja, dzina lake Carlisle, katswiri weniweni komanso waulemu. Anafika pokonzekera masana ena m'holo yopanda anthu, anavula chipewa pomupatsa moni Delbert.

"Bambo Yancey, ndi ulemu waukulu. Kamenyedwe ka a Tillery ndakaphunzira mpaka chimbale changa chinaperepeseka. Ndakapeza pamene kamagwera. Simudandaula."

Ndipo sananame. Anakapezadi. Ankachedwetsa dzanja lamanzere mwaluso, kuchedwa kofanana, koyezedwa bwino, kosaphonya. Royce anamwetulira, Alton anagwedeza mutu. Nyimbo ya lole ija inanyamuka.

Koma maso a Delbert anapita okha pa phewa lamanzere. Linali phewa la munthu wamphamvu, lopepuka, losanena kanthu. Iye ankayembekezera kuti vesi lachiwiri likafika dzanja litopa, lachitatu litoperatu, ndiye chala chake chinkagwira mawu, kuwakoka, kupereka mpata. Ndodo ya Carlisle inkatsika, besi n'kubwera pambuyo pake, yokha. Anayesa kuyang'ana phazi monga kale. Anayesa kutseka maso n'kumawerenga mumtima ngati mwana wa sukulu. Chala chinakana. Chinkangoyima pa nsambo, kusiyira malo munthu amene sakubwera.

Anayambiranso. Chimodzimodzi. Anasintha nyimbo, anatenga yomaliza ija, ndipo pamenepo ndiye zinafika poipa, chifukwa vesi lililonse Delbert ankatsalira kuposa loyamba, monga zinalili m'shedi muja. Carlisle anayamba kutuluka thukuta, akuyesa kuti wolakwa ndi iye. Tsopano wochedwa anali mmodzi, ndipo munthu mmodzi akachedwa kumakhala kulakwa basi.

Royce anakweza dzanja, mkwiyo wake wakale utamukwera.

"Iwe Delbert! Ng'oma yadutsa kalekale! Ukudikira ndani?"

Ndi funso limene oyimba amafunsana tsiku lililonse, lopanda kanthu. Koma litangotuluka, Royce analimva yekha. Dzanja lake linatsika pang'onopang'ono. Alton anachotsa zala pa piyano n'kuziyika pa mawondo. Carlisle anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, ndodo ili m'mwamba, osadziwa chimene chachitika.

Delbert anafuna kuyankha ndi nthabwala, monga akanachitira pakanakhala mlamu wake, koma woyilandira panalibe. Chisoni chimene anachigwira pa mpopi paja, ndi pa mpando wa pambali paja, ndi ku manda komwe, chinamupeza pamenepo, masanasana, m'holo ya eni ake.

"Pepani, a Carlisle," anatero. "Inu mukumenya bwino. Tsogolani."

Anazula waya wa besi, anayipukuta nsambo ndi kansalu monga ankachitira nthawi zonse, n'kuyigoneka m'bokosi lake. Royce anamutsatira mpaka pa chitseko, akuti aise, tadikira, tiyesenso mawa, sindimatanthauza zimenezo. Delbert anamugwira paphewa, n'kumuuza kuti ku Memphis kuli a besi ambiri, asankhe wosachedwa.

Ulendo umenewo anayenda ndi wa besi wina, ndipo akuti maholo ankadzaza. Delbert anabwerera kuno, anayamba ntchito pa galaja ya msuweni wake, pafupi ndi nyumba ya Ozella. Wailesi ya pa galajapo imakhala yotsegula tsiku lonse, ndipo nyimbo yomaliza ija amayiyikabe. Ikamayandikira pamene ndodo imagwa, makasitomala ena amakweza chala n'kunena kuti, tamverani apa, apa ndiye pokoma penipeni. Delbert amayika sipanala pansi n'kutuluka panja kukayang'ana matayala.